Mimba ya Thawulo

Amayi amauza anthu kuti anachita kundithamangitsa ku Chawama, komboni yathu ya mu Lusaka, koma amene anasankha kuchoka ndine. Ndinasankha Lamlungu lina nditabisala pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi, madikoni akundisakasaka ndi maso. Tsikulo ndinalumikiza foni yanga ku sipika ya tchalitchi, ndipo pa nthawi ya chopereka, dikoni wamkulu akuyenda ndi dengu pakati pa mabenchi, munamveka mawu a kondakitala amene ndinamujambula pasiteshoni, akuitana anthu a ku tauni n'kumawauza kuti ndalama zikhaliretu m'manja chifukwa alibe chenji. Kwaya yonse inagwa ndi phwete. Mpaka lero ndimaona kuti inali ntchito yaluso, kungoti palibe anandiyamikira.

Ndinali nditangolemba mayeso a giredi 12, ndilibe chochita, ndipo komboni yonse inali itatopa nane. Choncho amayi atatchula za mlongo wawo, ba Malume, amene ali ndi kalesitilanti ku Solwezi pafupi ndi pokwerera mabasi a anthu a kumigodi, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Chimene chinandivuta kusiya chinali chimodzi: miyendo ya amayi. Inali itayamba kutupa, mutu unkawapweteka chakunkhongo, ndipo nthawi zina akaweramuka pambaula ankayamba agwira khoma. Mayi awo anapita ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene kwathu timangoti bipi. Koma kuwatchulira kiliniki kunali ngati kuwatukwana. Ankati kiliniki ndi ya ana ndi amayi apakati, ndipo iwo zonsezo anadutsamo kale.

Pondiperekeza kusiteshoni sanandiuze za kupemphera kapena za atsikana. Anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Ukabwele na thupi, Dali. Nifuna ba Na Mwansa bakaone kuti kwamene wayenda kuli vakudya."

Ba Na Mwansa ndi aneba athu, timatunga pampopi umodzi, ndiponso ndiwo amatsogolera chilimba cha amayi, gulu lija losonkherana ndalama mosinthana. Mwana wawo anapita ku Kitwe n'kubwera ndi khosi lamizeremizere, ndipo anthu anakamba za khosi limenelo ngati ndi digiri. Ku Chawama munthu wochokera kuulendo safunsidwa zambiri. Amangomuyang'ana khosi ndi masaya. Akakhala kuti wadzaza, ndiye kuti zinayenda. Akabwera mafupa a paphewa akuoneka, nkhani yake imamalizidwa pampopi iye asanatsitse n'chikwama chomwe.

Ku Solwezi ndinapeza fumbi lofiira ndi mbale zosatha. Ndinkatsuka, kutunga madzi, kuperekera chakudya, n'kumagona m'kachipinda kosungiramo matumba a ufa kuseri kwa lesitilanti. Anzanga a pantchito ankacheza m'Chikaonde ndi m'Chibemba, ndipo nthabwala zanga zinkafika zitazizira. Tsiku lina ndinabisa mthiko wa mayi wophika m'thumba la jekete ya ba Malume. Ndinadikira chipwirikiti. Mayiyo anangoyang'ana uku ndi uku, n'kutenga mthiko wina. Ba Malume anaupeza ali kubanki, anabwera nawo, n'kuuika pamalo pake osanena kanthu. Kusungulumwa kumene ndinakumva tsiku limenelo sindinakumvepo. Munthu wamakhalidwe ngati anga amafunika anthu omudziwa, oti akwiye moyenera.

Pa nkhani ya thupi ndinamvera amayi ndi mtima wonse. Ba Malume sankapatsa antchito nkhuku, ankati nkhuku ndi ya makasitomala, choncho malipiro anga ankathera pa vitumbuwa m'mawa, chipisi ndi soseji masana, ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo nthawi iliyonse ndikamva ulesi. Masaya anabweradi pang'ono. Koma anabwera ndi anzawo: ziphuphu kumaso konse, kutentha pamtima, tulo ta masana, ndi m'mimba mouma ngati simenti. Mwezi usanafike pakati foni inkakhala ilibe ngakhale ya bando ya intaneti. Kenako tsiku lina m'mimba munandipota ndikunyamula thireyi, ndipo supu yense anathera pa nsapato za kasitomala. Ba Malume ananditumiza ku kiliniki. Nesi anandifunsa zimene ndimadya, ndinamuuza zonse monyadira, iye n'kundiuza kuti m'mimba mwa munthu si dzala.

Sindinasinthe chifukwa cha nzeru, ndinasintha chifukwa cha ululu. Ndinagula kapoto. Nyemba ku Solwezi n'zotchipa ndiponso n'zokoma, kandolo, amene ena amati mbatata, ali paliponse, ndipo chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, chinayamba kundikomera kuposa soseji. Ndinkayenda ndi botolo la madzi, kumsika ndinkapita wapansi. Patapita miyezi ingapo ziphuphu zinatha, kutentha pamtima kunasiya, zigubu zamadzi zinayamba kupepuka. Chodabwitsa kwambiri, ndalama zinayamba kugona mufoni mpaka kukumana ndi zinzake za mwezi wotsatira. Koma masaya aja anapita, ndipo thalauza linayamba kufuna chingwe.

Amayi ankafuna zithunzi. Apa m'pamene luso langa linapezanso ntchito. Mbale ya kasitomala ikatuluka kukhitchini, ndinkakhala nayo kaye pakona, kufufumitsa masaya, foni n'kuiika m'munsi mwa chibwano kuti khosi lioneke lalifupi, n'kujambula. Nkhuku, nyama yowotcha, nsomba zikuluzikulu, zonse ndinajambulitsa nazo zisanapite kwa eni ake. Ndikamatumiza ndalama ndinkalemba kuti apite ku kiliniki akapimitse bipi, yotsalayo agule masamba ndi zipatso. Ankayankha kuti Mulungu andidalitse.

Tsiku lina nawonso ananditumizira chithunzi. Anali atakhala pakhonde ndi amayi a chilimba, patebulo pali chigubu cha saladi, mafuta ophikira aja, masoseji okazinga ndi mabotolo a zakumwa. Pansi pake analemba kuti Dali akutidyetsa. Anthu onse pachithunzipo ankaseka. Ine ndinakulitsa chithunzicho n'kuyang'ana pansi, pa mapazi awo. Anali atasefukira m'mapatapata, zingwe zitalowa m'mnofu.

Ndinawaimbira nthawi yomweyo. Ndinalankhula za mchere, za saladi, za agogo, za zimene nesi anandiuza. Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Iwe ukudya nkhuku masiku onse, manje ine ufuna nizidya masamba monga mbuzi?"

Zithunzi zanga zomwe zinali zitandiimira kutsogolo. Sindikunena kuti zinali zolakwika, zinali zithunzi zabwino kwambiri, vuto linali owonera. Kuyambira pamenepo foni iliyonse inkathera pa mkangano womwewo, ndipo ndinkabwerera ku mbale zanga mtima ukuwira.

Ndinakhala ku Solwezi pafupifupi chaka. Zotsatira za mayeso zinali zitatuluka bwino, ndalama ya kosi ya zamagetsi inali itakwana mufoni, ndipo mapazi aja sankachoka m'mutu mwanga. Ndinabwerera mu Okutobala, dzuwa likuotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Nditatsika basi mu Lusaka ndinalowa m'chimbudzi cha pasiteshoni, n'kudzikulunga thawulo pamimba, pamwamba malaya, enanso pamwamba pake, kenako jekete. Sindinkafuna kuti amayi achite manyazi pa tsiku loyamba lenilenilo. Mu minibasi ya ku Chawama kondakitala anandiitana kuti bosi. Ndinadziwa kuti ntchito yagwira.

Kunyumba ndinapeza amayi a chilimba atasonkhana kale. Amayi anandikumbatira, n'kusisita mimba ija akuyang'ana ba Na Mwansa. Koma ba Na Mwansa sankayang'ana mimba, ankayang'ana khosi, ndipo khosi silivalidwa thawulo. Thukuta linali likutsika mpaka m'masokosi. Ndinanjuta kuti ndipereke moni kwa akuluakulu monga mwa ulemu, ndipo poimirira ndinamva chinthu chikumasuka. Thawulo linatsetsereka kutuluka m'munsi mwa jekete n'kugwera pafumbi, pamaso pa onse.

Ine ndinaseka, chifukwa zinali zoseketsa. Palibe anandithandiza. Amayi anandivula jekete okha, kenako malaya oyamba, n'kuima akuyang'ana mwana amene anatsala m'katimo. Ba Na Mwansa analankhula motsitsa, mwa chifundo chija chimene chimapweteka kuposa mwano.

"Kumigodi kuja kuli vinthu vambili, mwandi. Mumupeleke chabe akapimise."

Aliyense anamva chimene ankatanthauza. Pofika m'mawa mwake komboni yonse inali itandipeza ndi matenda, kundiikira mankhwala, ena n'kuyamba kundiyeza bokosi ndi maso. Mwini kantemba, kagolosale kapakona pathu, anandipatsa moni wa anthu odwala, mutu atapendeketsa. Ndinanyamula zigubu zamadzi dzanja ili ndi ili kuchokera kumpopi ndikuthamanga, anthu n'kumati taonani akudzilimbitsa. Amayi ankakazinga chilichonse chimene chinali m'nyumba n'kundiikira patsogolo, ndipo ndikapempha nyemba ankatembenukira kukhoma n'kumapukuta maso ndi chitenje. Ndinafotokoza za kapoto kanga, ndinawaonetsa ndalama ya kosi mufoni, ndinawauzanso za mbale za makasitomala. Anangomva kuti ndinkabisa kuwonda, ndipo wobisa kuwonda ndiye kuti akudziwa chimene chikumudya. Anasiya kupita ku chilimba. Mutu unawakulira. Masana ena ndinawapeza atatsamira chitseko, diso limodzi litafiira, akunena kuti akuona tinyenyezi.

Tsiku lomwelo anandiuza kuti mawa tikupita ku kiliniki, ndipo ndisayerekeze kukana. Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndikane. Ndiye ndinaona chinthu chimene chinandidutsa chaka chonse: mayi ameneyu sangapite ku kiliniki chifukwa cha mutu wake, koma angapiteko ngakhale chokwawa chifukwa cha mwana wake. Ndinatseka pakamwa, n'kutsokomola. Chinali chifuwa chabwino, chochokera pansi penipeni, chimene ndinkachigwiritsa ntchito kusukulu pa tsiku la masamu.

Tinapita ndikuyenda pang'onopang'ono, nditawatsamira paphewa, ndikutsokomola pakona iliyonse pamene panali anthu. Titalowa kwa nesi, amayi anafotokoza zonse, za Solwezi, za thawulo, za nyemba. Nesi anatenga zipangizo zake. Ine ndinabisa manja m'khwapa, n'kunena kuti ndikuopa, sindinapimidwepo, ndipo sindilola chilichonse mpaka amayi ayambe ndiwo kulowetsa mkono m'kamakina kofinya kaja kuti ndione ngati sikapweteka. Amayi anandilalatira kuti ndine mwamuna wamtundu wanji. Nesi anayang'ana ine, anayang'ana mapazi a amayi, n'kunena kuti mwana akaopa, kholo limamuonetsa njira.

Kamakina kanafinya. Nesi anayang'ana, anabwereza mkono winawo, kenako anatuluka n'kubwera ndi mnzake wamkulu. Amayi, amene anabwera ataperekeza wodwala, ndiwo anagonekedwa pabedi. Anawapatsa mankhwala pomwepo, n'kuwauza kuti sachoka mpaka bipi itatsika, ndiponso kuti akanachedwa pang'ono akanabwera atanyamulidwa, mbali imodzi itafa. Ine anandipima zonse zimene komboni inkafuna ndi zina zimene sinaziganizire. Sanapeze kanthu. Nesi anati thupi langa ndi lokwanira msinkhu wanga, ndipitirize zimene ndikuchita.

Pobwerera anali amayi tsopano otsamira ine.

"Chifuwa chija chayenda kuti?" anafunsa.

"Chapola, ba Mami. Kiliniki iyi ni yamphamvu."

"Ulibe nsoni, iwe mwana."

"Nilibe."

Anandimenya paphewa ndi kapepala ka mankhwala, koma dzanja sanalichotsepo.

Panopa ndimapita ku kosi m'mawa, ndikabwera ndimaphika ndine. Amayi amamwa mapiritsi awo, ngakhale amafuna kuchita kukumbutsidwa ngati mwana. Chitsekerero cha botolo la saladi ndinachimata ndi guluu n'kuboolapo kabowo ndi singano, ndiye akafuna kuthira mobisa amagwedeza botolo mpaka mkono kutopa, akudandaula kwa Mulungu za mwana amene anawapatsa. Mutu unasiya. Mapazi analowanso m'nsapato za kutchalitchi.

Koma Chawama ndi yomwe ija. Ba Na Mwansa akuti zotsatira za ku kiliniki munthu amatha kugula. Ndipo popeza amayi nawo ayamba kuphwa, pampopi akuti ndinabweretsa matenda m'nyumba. Ndinkaganiza kuti ndikadzabwera ndi thupi labwino ndi ndalama yosunga, anthu adzafunsa kuti ndinachita bwanji. Palibe wafunsapo. Kwathu munthu angafe bwinobwino, bola afe atanenepa.

Loweruka lapitali amayi anaganiza zobwerera ku chilimba. Anavala, anadziyang'ana pagalasi, anatembenuka uku ndi uku, n'kuvula. Kenako anandiitana kuchipinda n'kutseka chitseko. Anafunsa monong'ona ngati thawulo lija ndikadali nalo.

Ndinawakulunga ndekha m'chiuno, pansi pa chitenje, n'kumanga ndi mapini awiri, chifukwa ine ndinaphunzirapo kanthu. Ndinawalangiza kuti popereka moni asanjute kwambiri. Anatuluka akuyenda ngati mwini komboni, ndipo ndili pazenera ndinamva ba Na Mwansa akuwauza kuti tsopano ayamba kuoneka bwino.