Foni imene ndinapereka ndi manja awiri

Mwana wanga wamkazi anali folomu wani pamene anandibweretsera foni yake pakhonde pomwe ndinkasokera zovala, kuseri kwa msika wa Zingwangwa. Anangoiika pa makina n'kuima pambali. Munali mameseji a bambo wina wodzitcha ankolo, wopanda chithunzi, akumuuza kuti wakula bwino, amutumizire zithunzi, koma asauze amayi ake. Mwanayo ndinamugwira dzanja n'kumulonjeza kuti galu ameneyu ndimugwira ndi manja angawa.

Nkhaniyi ndinapita nayo kwa amayi anzanga a mumphakati wathu wa kutchalitchi. Kumeneko ndinamva kuti ana a anzanga awiri analandirapo zonyansa zomwezi, koma anafufuta chifukwa cha manyazi. Anthu asanu tinagwirizana zotchera msampha. Pa foni ya mwana wanga yomweyo tinatsegula akaunti ya mtsikana wongopeka wa zaka khumi ndi zitatu, chithunzi chake duwa basi, wolemba n'kukhala ine, ndipo tinamutumizira moni ankolo uja. Wotitsogolera anali mayi wapampando wa mphakati, munthu wachikulire amene anali mboni pa ukwati wanga. Ndinkawakhulupirira kuposa mchemwali wanga weniweni.

Masabata atatu ndinasanduka mwana wasukulu, ine ntchembere ya ana atatu, phazi pa makina, chala pa foni. Zimene ankalemba munthuyo, mayo ine! Ndikawerenga ndinkachita kulavula. Koma ndinkamuyankha mofatsa mpaka anakodwa. Anati tikumane Loweruka masana pa siteji ya minibasi, pafupi ndi wokazinga tchipisi, avala malaya abuluu.

Tinafika molawirira, aliyense kumachita ngati akugula zake. Nditatumiza kuti ndafika, foni inalira m'thumba mwa bambo wa malaya abuluu. Atatembenuka, ndinamuzindikira. Anali mlongo wawo wa mayi wapampando, yemwe ankaphunzitsa ana athu kwaya Lachisanu lililonse. Ndinamusokerapo mathalauza awiri munthu ameneyu.

Ndinafuna kukuwa kuti msika wonse umve, koma mayi wapampando anandigwira mkono, misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga, polisi sithawa," anatero. "Tiyambe tauza akuluakulu akubanja. Bweretsa foniyo ndikawaonetse, Lolemba tipitira limodzi."

Tsono imvani uchitsiru wanga. Kwathu ku Nsanje tinaleredwa kuti wamkulu akakupempha chinthu sumufunsa mafunso. Ndinapinda mawondo pang'ono n'kupereka foni ija ndi manja awiri, pamsika pomwepo, bambo uja akudzipanikiza mu minibasi ya ku Limbe. Umboni wonse unali mmenemo, ndipo sindinasunge kanthu kwina kulikonse.

Lolemba foni inabwera itakulungidwa m'kansalu, ili mbee. Mameseji onse afufuta, akaunti atseka. Mayi wapampando anati banja lakhala pansi, mlongo wawo walira, wapepesa, anamunyenga ndi satana, ndipo akhristu timakhululuka. Anzanga atatu aja anangozolika. Mmodzi ndiye anandinong'oneza kuti, "Asisi, tikapitiriza tikhala nawo bwanji mumphakati?"

Ndinawatukwana, sindibisa. Mawu amene ndinatulutsa tsiku limenelo ndinakalapa nawo, koma mtima sunalape. Kupolisi ndinapita ndekha. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anafunsa umboni ndi mboni. Ndinabwerera kukagogoda kwa anzanga aja mmodzimmodzi, ndipo aliyense anati iye anangobwera kudzagula tomato. Bambo uja ndinkadziwa kale kuti ndi chilombo. Amene anandipweteka ndi amayi amene ndinkagwada nawo pamkeka umodzi popemphera.

Ndinazungulira makomo kuchenjeza makolo. Ena anachotsa ana awo kukwaya, ena anati telala uja mutu wazungulira.

Foni ndinakhala nayo masiku anayi, kusowa poyambira. Lachisanu madzulo mwana wanga akutsuka mbale, kutchalitchi kunamveka ana akuimba, mawu a bambo uja akutsogolera. Mwanayo ndinamupatsa foni yake. Anapukuta manja, anaitsegula, anayang'ana pomwe panali mameseji aja.

"Mwamugwira?" anandifunsa.

Ndinayamba kufotokoza za akuluakulu, za ulemu. Sanandidikire kuti ndimalize.

"Ndiye ndinakuuziraninji, amayi?"

Pano ndi wamkulu, amagwira ntchito ku Chinyonga. Amabwera kudzandiona, timaseka, timadya limodzi. Koma ndikangoyandikira pamene wakhala, foni yake amaitembenuza chafufumimba.