Chipolopolo chili m'ntchafu mwanga, iwo nkhani ndi liwiro lake

Maola atatu ndi mphindi makumi awiri. Ndiyo nthawi imene anthu anayi olembedwa ntchito yothandiza odwala anathera dzulo akukangana za chipolopolo chomwe chili m'ntchafu mwanga. Ine mwini ntchafuyo ndinali pabenchi, mafinya akutsikira m'sokosi. Dzina la chipatala ndalisunga. Eni ake akudzidziwa.

Kwa amene simundidziwa, ndine uja ndimasoka nsapato pa Chonde. Ndili ndi zaka 68. Kale ndinkaphika kunyumba ya manijala wina kuesiteti ya tiyi. Bwanayo anali ndi volovolo yakalekale, yomwe ankaibisa pakati pa mabulangete. Tsiku lina ndikutulutsa mabulangetewo kuti ndikayanike, mfuti inagwa pansi n'kulira. Kukiliniki ya esiteti anandisoka n'kundiuza kuti chipolopolo chakhala pabwino, ndisachivute. Sindinachivute zaka 41. Mwezi watha chayamba kundivuta chokha. Ntchafu yatupa, chipsera chatseguka, ndikuyendera ndodo.

Lolemba nditapita kuchipatalako anandiuza kuti dokotala wa opaleshoni amabwera kamodzi pamwezi, Lachinayi, ndipo mndandanda wa odwala ake amautseka Lachitatu 12 koloko masana. Ati ndibwere Lachitatu lomwelo kudzajambulitsa. China chilichonse sanandiuze.

6:40 ndinali pageti. 8:15 anandijambula. 8:30 wojambula uja anakweza chithunzi pawindo, n'kuimba kaluzu. Anaitana adokotala amene anali pantchito tsikulo, ati abwere adzaone zinthu zakale. Adokotala anaitana mlonda wa pageti, amene onse amamutcha Sajeni chifukwa anapuma kuusilikali. Mayi wa kumankhwala anabwera yekha, kapu ya tiyi ili m'manja.

Sajeni ati zipolopolo zinali zakale. Mtovu weniweni, wolemera, wofewa. Chikamenya chimaphwatalala n'kusiya mphamvu yake yonse m'thupi, munthu n'kukhala pansi. Ati za masiku ano n'zopepuka, zimangoboola n'kupitirira.

Wojambula anaseka. Ati wonga wa masiku ano ndi waukali, chipolopolo amachiveka mkuwa, liwiro lake chakalecho sichingayandikire. Kenako anandiloza ndi cholembera.

"Umboni si uwu? Chakalechi chinalephera kutuluka m'ntchafu ya madala owonda chonchi. Chikanakhala cha lero, bwenzi fupa lili ufa."

Ndiye ndithokoze? Ndipepese kuti ntchafu yanga yachititsa manyazi mfuti ya bwana?

Adokotala anatulutsa foni kuti aone amene akunena zoona. Netiweki inavuta. Anatuluka nayo panja, pansi pa mtengo wa mango. Mayi wa kumankhwala anayeza chipolopolocho pachithunzi ndi lula, kenako anachijambula pafoni yake. Sanandipemphe. Mwina chili pa WhatsApp panu pano. Mukachiona, mudziwe kuti mwendowo uli ndi mwini wake.

9:45 ndinati, "Pepani adokotala, bala likutuluka."

Ati ndidekhe, akuona nkhani yanga yomweyi.

Nkhani yanga ndi liwiro? Ndinakwera kabaza m'mamawa, mwendo ukulendewera, kuti ndidzamve ngati mkuwa umaposa mtovu?

Tsopano ndinene chimene chikundichititsa manyazi. 10:50 Sajeni anabwera kudzakhala pabenchi, pafupi nane, bondo lake kugunda langa. Anandiyang'ana m'maso.

"Madala, inu ndi amene munachilawa. Chinakugwetsani pompo, kapena munayenda kaye?"

Ndinayenera kukwiya. Sindinakwiye. Ndinayankha, ndipo ndinayankha mosangalala. Chimwalirireni mayi a kunyumba zaka ziwiri zapitazo, palibe amene anandifunsapo funso n'kudikira yankho. Obwera ndi nsapato amafunsa kuti zitha liti, akuyang'ana kumsewu. Ndiye ndinayamba kufotokoza za mabulangete aja, za fungo la wonga m'chipinda, za mkazi wanga amene panthawiyo anali ndi pakati, anathamanga kuchokera kumalaini a antchito opanda nsapato. Onse anayi anatembenukira kwa ine. Ndinkaona ngati akumvera ine.

Nditangonena kuti ndinagwa pomwepo, Sajeni anaomba m'manja n'kudzuka.

"Mwamva? Pompo! Zakale zimenezo."

Anabwerera kuwindo. Za mkazi wanga ndinamalizira mumtima.

11:50 ndi pamene anafika nesi ndi fomu. Analemba dzina, mudzi, zaka. Kenako, osakweza mutu, anafunsa kuti gadiyani wanga ali kuti. Ati popanda wodikirira sagoneka munthu wa opaleshoni. Pamafunika wokuphikira, wokuchapira, wokugwira mkono popita kuchimbudzi, wosaina ngati zitavuta.

Ndinati ndilibe.

Akazi anu? Anamwalira. Ana? Mmodzi, ali ku Joni, nambala yake inasiya kugwira chaka chatha. Abale? Kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milange, ndipo amene ankandidziwa anatha kalekale. Akutchalitchi? Ndinasiya kupita mwendo utayamba, palibe anabwera kudzafunsa chifukwa chake.

"Ndiye ife titani, agogo? Lamulo ndi lamulo."

Ndinatembenukira kwa Sajeni. Ndinati bambo, mwakhala nane m'mawa wonse, ndilembe dzina lanu. Anayang'ana jombo zake, ati iye ndi wapageti, sangachoke. Wojambula ati akuitanidwa. Mayi wa kumankhwala anakumbukira kuti wasiya windo lotsegula. Adokotala anandisisita paphewa, ati ndiyesetse mwezi wamawa, koma ndisachedwe chifukwa fupa likayamba kuola sadzakambanso zochotsa chipolopolo, adzakamba zodula mwendo. Anandilembera mapilitsi a masiku asanu. 12 koloko nesi anatseka buku ndikuona.

Lamulolo sindikulimbana nalo. Ndinadikirirapo mkazi wanga m'wadi milungu isanu ndi umodzi, ndikudziwa ntchito ya gadiyani. Chimene ndikufunsa n'chakuti: inu a kuchipatala, Lolemba pakamwa panu panali chiyani? Nanga 8:30? Mukanandiuza nthawi imeneyo, bwenzi nditakwera kabaza kubwerera pa Chonde. Pali mayi wina amagulitsa tomato pafupi ndi pamene ndimasokera, timapatsana moni. Pali telala amene amandisungira zipangizo kukagwa mvula. Mwina akanakana onse awiri. Koma ndikanapempha ndekha, n'kukanidwa ndekha, nthawi ilipo.

Akuluakulu a chipatala chimenechi, ndiyankheni zinthu zitatu. Ndani analola kuti chithunzi cha wodwala chizizungulira mpaka kwa mlonda? Bwanji za gadiyani simuzinena tsiku loyamba? Ndipo munthu amene alibiretu aliyense, mumamutani? Muli nalo pepala lake, kapena mumangodikira kuti abwere atanyamulidwa?

Inu okalamba anzanga okhala nokha, musapite kumeneko opanda dzina la munthu m'thumba. Ndipo mufunse zofunika zonse musanakhale pabenchi, chifukwa okha sanena.

Kwa ena nonse amene mwawerenga mpaka pano, foni iyi imandiuza kuti ndili ndi anzanga 312. Kwatsala milungu inayi. Sindikupempha ndalama, ufa ndi makala ndigula ndekha, ndipo sindivuta pa zakudya. Ndikufuna munthu mmodzi woti akhale pambali pa bedi masiku atatu, nesi akafunsa kuti agogowa ndi a ndani, ayankhe kuti ndi anga. Ngakhale likhale bodza.