Nyimbo ya amayi imene agogo anakana kubwereza

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Yotamu Phiri, ndimamva fungo la mtengo wopsa ndi chitsulo chamoto, iwo atakhala pamthunzi wa nkhokwe akuboola mpini wa banjo, kautsi kakukwera pakati pa zala zawo, ife ana tikuswa mtedza pamphasa. Banjoyo anaipanga ndi chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Koma akangoikhudza, amayi ochokera kumadzi ankaima panjira ndowa zili pamutu mpaka khosi kuwawa.

Nyimbo ankapeka okha, ndipo m'midzi yonse yozungulira Mkaika munalibe wofanana nawo. Vuto lawo linali limodzi: kwa iwo nyimbo iliyonse inali ndi mwiniwake. Akaimbira ukwati, nyimboyo ndi ya okwatiranawo. Akaimbira ng'ombe yolima bwino, ndi ya mwini ng'ombe. Mwiniwake palibe, nyimbo palibenso.

Amayi anga, mwana wawo woyamba, anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'mawa wa tsiku lometa, tsitsi lathu lili mbwee pansi, agogo anatenga banjo n'kuimba za amayi: mmene ankayendera ndi dengu la tomato popita kumsika wa Katete, mmene ankasekera atagwira pakamwa kubisa dzino lobenthuka, mmene ankakalipira nkhuku ngati ana. Ometa anaika lumo pansi. Bambo anga, amene sanalire ngakhale kumanda, anatsamira mtengo wa mango n'kulira mokweza.

Pagulupo panali a Daka, msuweni wa bambo, amene ankagwira ntchito ku wailesi ku Lusaka. Nthawi yotola thonje anabweranso pa galimoto, atanyamula makina ojambulira mawu.

"Madala, nyimbo ya malemu ija muimbenso, dziko lonse limve. Kenako tipite ku Lusaka mukajambule zina."

"Ija inapita ndi mwiniwake," anatero agogo. "Tsitsi lometa mumalibweza pamutu inu?"

"Chabwino, imbani ina."

"Ya ukwati wa kwa a Sakala ndi yokoma. Koma mukayambe mwapempha eni ake. Mwamuna ali ku Mozambique, mkazi anakwatiwanso ku Vubwi."

Agogo aakazi, amene ankapeta mphale pakhonde, anaponya lichero pansi.

"A Phiri inu! Munthu wawotcha mafuta kuchokera ku Lusaka, inu mukumutuma ku Mozambique? Taonani dengali! Anzanu oimba ngati achule akumveka pa wailesi, akugona m'nyumba za malata."

"Achule amaimbira dambo lonse. Ine ndimaimbira munthu."

"Munthuyo amakupatsani chiyani? Chipanda cha mowa!"

A Daka anayesa njira zonse. Anati dzina la amayi alichotsa, agogo anati ndiye yatsala ya ndani. Anati aimbe pang'ono chabe, agogo anati maliro salira theka.

Pamenepo ine ndinalimba mtima. Ndinakagwada pafupi ndi miyendo yawo.

"Agogo, ndiimbireni ine. Si amayi anga kodi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa nsambo. A Daka anasendeza makina awo pang'onopang'ono. Ndinkati basi, aimba.

"Iwe yako ilipo," anatero. "Ndidzakuimbira pa ukwati wako."

Anapachika banjo pamsomali, n'kutenga thumba, ulendo wa kumunda wa thonje. A Daka anadikira mpaka dzuwa kupendeka, n'kunyamuka osatsanzika bwino. Sanabwerenso.

Agogo anamwalira kutatsala zaka ziwiri kuti ndikwatiwe.

Chaka chatha ndinaika mwamuna wanga m'manda. Adzukulu anajambula zonse pa foni, ngakhale kwaya imene inkasochera pa vesi lililonse, moti ndikamusowa amandiyatsira ndimve. Koma amayi alibe ngakhale chithunzi chimodzi, ndipo nkhope yawo inandithawa kalekale. Ndikawauza adzukuluwo za agogo amandiseka, amati, "Akanakhala katswiri bwenzi tikuwapeza pa foni."

Kumudzi anthu amati a Phiri anali ndi luso koma anasowa mwayi. Bodza limenelo. Mwayi unabwera mpaka pakhomo, unakhala pampando wathu tsiku lonse, iwo ali kuthonje. Ena amati anali munthu waulemu. Mwina. Ine ndimati anali ouma mutu, ndipo ndakalamba ndisanawakhululukire kwenikweni.

Chimene ndinatsala nacho ndi kamvekedwe kake kokha. Ndimakang'ung'udza ndikamapalira, kamayenda bwinobwino mpaka pamene ankatchula dzina la amayi. Mawu otsatira sindiwadziwa. Pamenepo ndimaima, khasu m'manja, n'kuwakalipira ngati ali pamzere winawo: "Agogo, kamodzi kokha kakanakuphani?"