Rauta ya Mayi Chikopa Inkagona M'kabati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Nditamaliza sukulu ndinangokhala pakhomo ku Chilomoni, kumathandiza azimayi a kutchalitchi mafoni awo omwe akawakanika kutsegula. A Makwinja, amene ankaimba besi kumbuyo kwanga, anandiona tsiku lina ndikutokosa foni ya amayi busa. Anati, "Iwe Tamanda, zala zimenezi zikungowonongeka. Ubwere Lolemba." Anali ndi kashopu ku Chirimba kogulitsa ndi kuikira anthu marauta a m'nyumba, aja olowetsamo simu khadi n'kumapereka wayifayi.

Bambo amenewa anali ofatsa, koma pa nkhani ya nyale sankaseka. Sabata yoyamba sanandigwiritse ngakhale sikuludiraiva, ankangondikhazika kutsogolo kwa rauta kuti ndiwerenge tinyale take motsatana. Yoyamba ndi ya magetsi: ikazima, yang'ana adaputa ndi soketi, kapena funsa ngati magetsi sanathime dera lonse. Yachiwiri ndi ya netiweki: ikabiriwira ndiye kuti rauta ikumvana ndi nsanja ya kampani ya mafoni, ikafiira siikumva kanthu. Yachitatu ndi ya intaneti, imaphethira zinthu zikamayenda, ndipo ikazima netiweki ili bwino, kawirikawiri bandulo yatha. Yomaliza, ya wayifayi, ndi imene imapusitsa anthu. Imayaka ngakhale kunja kulibe kanthu, chifukwa imangonena kuti rauta ikulankhula ndi mafoni a m'nyumbamo. Kabatani ka riseti, kofufuta zonse kuti rauta iyambirenso, ankati ndi mpeni, osakakhudza usanawerenge nyale. Ndinkadandaula chamumtima, koma ndinkawakonda ngati bambo anga ondibereka.

Tsiku londivuta linali Loweruka lina, a Makwinja atapita kumaliro ku Phalombe. Kushopu kunaimba foni Mayi Chikopa a ku Bangwe, mayi wamasiye amene mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinati, ankakhala ku Joni. Rauta anawagulira ndi Esinatiyo, ndipo masana a tsikulo ankamanga ukwati wake komweko. Mayiwo ulendo unawakanika chifukwa cha miyendo, choncho anagwirizana kuti aonera pa foni. Kungoyambira m'mawa foni siinkalumikiza.

Nditafika ndinapeza nyumba yokolopedwa mpaka kuwala, azimayi a mvano atayala mphasa pabalaza, onse mu chitenje chimodzi. Mayi Chikopa sanalole kuti mlendo aimirire. Anandikhazika pampando wa pazenera, nandipatsa thobwa, kenaka anabwera nayo rauta pa tileyi ngati akubweretsa tiyi. Ndinailumikiza pa soketi ya pomwepo. Nyale zonse zinabiriwira, uthenga wa Esinati n'kulowa. Ndinadzimva katswiri, ndinatsanzika.

Ndisanafike pa siteji ya minibasi foni inalira. "Mwanangu, chafanso." Ndinabwerera. Mpando womwewo, tileyi yomweyo, nyale zobiriwira zomwezo. Ndinaona bandulo, ilimo. Ndinatulutsa simu khadi, kuipukuta, kuibwezera. Ndinayesa adaputa ina. Nditangotuluka pageti, kunamveka mawu, "Chafanso!" Nthawi ya ukwati inali itayandikira, ndipo mayi wina pamphasa ananong'ona, koma ndithu kuti ndimve, kuti akanabwera mwini wake wa besi uja zikanatheka. Mayi Chikopa sanandinene. Anangokhala atafumbata foni pachifuwa, duku lawo latsopano litapendekeka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kunong'ona kuja.

Ndinabisala kuseri kwa bafa n'kuimbira a Makwinja. Anayankha motsitsa mawu, nyimbo za maliro zikumveka kumbuyo. Atandimvetsera anafunsa, "Nyalezo waziwerengera pomwe rauta imagona, kapena pomwe akulandirira iwe?"

Ndinalowanso, ndipo ulendo uno mpando ndinaukana. Ndinagwada n'kunena kuti, "Amayi, pepani, ndionetseni pomwe mumaiika ine ndikachoka." Anachita kamanyazi, kenaka ananditengera pakona ya m'kati, pa kabati ya mbale za alendo. Kumbuyo kwa mapoto atsopano ndi mafulasiki, m'munsi mwenimweni, munali malo ake, ndi waya wodutsa pabowo la kumbuyo. Ankaifundika ndi kansalu koluka okha, koyera, ka maluwa m'mbali. Tinaiika momwemo, ndinatukula kansaluko. Ya magetsi inayaka, ya wayifayi inayaka mokoma, koma ya netiweki inali psuu.

Kale lonse rautayo inkakhala pazenera pomwe a Makwinja anaisiya. Dzulo lake, pokonzekera alendo, mayiwo anaisamutsa. Anati, "Chinthu chondigulira mwana wanga chizikhala pafumbi? Anthu anena kuti sindisamala." Ndinawamvetsa, chifukwa kwathunso wailesi, tivi ndi Baibulo zonse zinali ndi tinsalu take.

"Amayi, ichi si mbale, chimafuna kuona kunja," ndinatero. Anakana kuti chikhale maliseche alendo alipo. Tinakambirana ngati ankhoswe mpaka tinamvana: rauta ipita pazenera loyang'ana kuphiri, kansalu kakhala pansi pake osati pamwamba. Anakayala okha, nakawongola m'mbali. Nyale yofiira ija inasanduka yobiriwira, ya intaneti n'kuyamba kuphethira. Ndinawalozera kuti, "Iyi ikafiira, Esinati sakukumvani."

Foni inalira. Anatulukira Esinati mu diresi loyera, ataima pakhomo la tchalitchi, maso ali ofiira. Zinadziwika kuti anali atakana kulowa mpaka amayi ake ataoneka. Nyumba yonse inasweka ndi nthungululu, mayi wonong'ona uja n'kukhala woyamba kundikumbatira. Mayi Chikopa anangoti, "Ndilipo, mwanangu. Lowa, ndikuona." Ine misozi inagwera m'bokosi la zida.

Ukwati wonsewo Mayi Chikopa diso limodzi linali pa mwana wawo, lina pa kanyale kaja. Lolemba a Makwinja ataimva nkhaniyi anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandipatsa sikuludiraiva yangayanga.

Lero ndili ndi kashopu kanga ku Nancholi, ndipo a Makwinja anapuma, koma besi sanasiye. Ndikalowa m'nyumba ya munthu thobwa ndimalandira, poti kukana n'chipongwe. Koma mpando ndimati udikire kaye, ayambe andionetsa pomwe rauta yawo imagona.