Mabuleki a Bambo Khutu

Pagalaja aliyense ankawatchula kuti Bambo Khutu. Zaka makumi atatu akukonza mabuleki, sanafunepo makina oyezera. Ankangopendeketsa mutu galimoto ikamaima, n'kunena kuti, "Mapadi atha kumanzere." Ukamasula tayala, n'zoonadi. Luso anali nalo, koma makaninso, osanena.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anamuphunzitsa okha kuyendetsa pabwalo la kuseri kwa galaja. Lamulo lalikulu linali limodzi: "Msewu ukaterera usaponde buleki n'kukanikiza, matayala angasiye kuzungulira, galimoto n'kuyamba kutsetsereka. Ponda, siya, ponda, siya. Uzipopa!" Anamubwerezetsa mpaka phazi linaloweza.

Atayamba ntchito yaunamwino, mwanayo anagula galimoto yamakono, yodzaza mawaya ndi kompyuta. Bambo Khutu anaizungulira kawiri, n'kuseka. "Galimoto yoganiza yokha? Ndiye dalaivala ndi wachiyani?" Kabuku ka malangizo sanakatsegule n'komwe.

Tsiku lina masana kunagwa mvula, ndipo lole inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwa mwanayo. Ataponda, buleki inanjenjemera pansi pa phazi. Iye anasiya, n'kuyamba kupopa. Galimoto inakalowa kunsi kwa loleyo. Moyo unapulumuka, koma miyendo sinayendenso.

Chigoba cha galimotoyo chitakokeredwa kugalaja, makaniko wa zamagetsi anachipima ndi makina ake.

"Mabuleki analibe vuto, achikulire," anatero, osadziwa kuti akubaya pabala. "Amenewa amadzipopa okha, n'chifukwa chake amanjenjemera. Umangoponda osasiya. Woyendetsayo akanatero, mwina ikanaima."

"Ndamva," anayankha Bambo Khutu. Anapachika ovololo pamsomali, ndipo kugalajako sanapondekonso.

Masiku ano m'mawa uliwonse amagwada pakhonde ndi sipanala yaing'ono, kumanga kabuleki ka njinga ya olumala ya mwana wawo. Zimamvetsa chisoni kuwaona, chifukwa kabulekiko sikanakhwefukepo. Zimene anamva kugalaja sanamuuzebe, ndipo zikuwadya mumtima.

Dzana mwanayo anawagwira paphewa.

"Ababa, musamadandaule choncho. Ine tsiku lija sindinachite mantha. Ndinapopa ndendende mmene munandiphunzitsira. Galimoto ija ndiyo inali yachabechabe, paja munanena."

Bambo Khutu anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Mwanayo ankamwetulira, akudikira kuyamikiridwa ngati kale pabwalo lija.

"Unachita bwino, mwanawe," anatero, n'kuwerama kumanganso nati ya kabuleki yomangamanga kale.