Phukusi la mwana wanga pa nthawi ya eda

Mkamwini wanga anamwalira nthawi imene anthu anali atangozolowera kunyoza boma pamsika osacheuka. Matipate anali atafika, aliyense ndi nsalu ya chipani chake, aliyense ndi pakamwa pake. Ine pakamwa ndinali napo kale, sindinadikire voti.

Mwana wanga wamkazi analowa eda. Kwa ife Asilamu a ku Nkhotakota kuno, mwamuna akamwalira mkazi amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osayenda maulendo, osavala zowala. Zimenezo sindikana, nanenso ndinakhalapo. Koma m'nyumba mwakemo munali kompyuta, ndipo m'kompyutamo munali ntchito yake.

Ine sukulu sindinapondeko, ndiye ndinena monga anandiuzira iye. Kuli anthu m'mayiko ambiri amene amapanga mapulogalamu a kompyuta n'kumapereka ulere, aliyense atsegule, aone m'kati, akonze. Amawasonkhanitsa pamodzi, pulogalamu iliyonse m'phukusi lake, ndipo phukusi lililonse lili ndi wolisamalira, dzina lake lolembedwa pamenepo. La mwana wanga linali lothandiza kompyuta kumvana ndi makina osindikiza mapepala. Eni pulogalamu akatulutsa yatsopano, iye ankaimanganso kuti igwirizane ndi maphukusi a anzake. Malipiro panalibe. Ndinkamuseka kuti ndi ganyu yanji yopanda ngakhale chinangwa, iye n'kumangoti, "Amayi, dzinalo ndi langa."

Foni kunyumba kunalibe. Malemuwo ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Dwangwa, ndipo ndi amene ankanyamula kadisiketi, kambale kapulasitiki kosungiramo ntchitoyo, kukatumiza pa waya wa foni ya kumeneko. Atapita iwo, njira inatsekeka.

Patapita milungu kunabwera mayi wa mu ofesi ija kudzapepesa maliro, mayi wakumpoto wonenepa bwino, amene amati "mama" pa mawu alionse. Anabweretsa makalata osindikiza ndi kadisiketi. Mwana wanga atawerenga anakhala pansi. Phukusi lina limene lake linkatsamira linali litasinthidwa, ndiye lake linkakana kumangika, ndipo ntchito za anthu ena zinaima chifukwa cha iye. Anzake a maphukusiwo anali atamulembera kangapo, iye osayankha. Tsopano ankati akapitiriza kukhala chete achotsapo dzina lake, phukusilo alipereke kwa wina.

Mwamuna wapita, dzina lipitenso? Ndinamuuza kuti ayatse chinthucho.

Chinangolira masiku awiri, anatulukira alamu ake, akulu awo a malemu, kofia ili chammbali. Anakhala pampando n'kuyamba ndi mawu aja otsika ngati akupemphera, amvekere mkazi wa pa eda salemberana makalata ndi amuna achilendo akunja, amvekere makinawo awatenga akasunge kwawo mpaka eda ithe. Ine kusunga kumeneko ndimakudziwa. Njinga ya malemu anali atapita kale kukaisunga, ndipo tinkaiona tsiku ndi tsiku ikunyamula mpunga.

Ndinakhala pakhomo penipeni, miyendo tambalale. Ndinati, "Bambo, eda yamanga mwana wangayu. Kodi yamanganso ine? Iye sachoka pano. Woyenda ndine. Makinawo mukawafuna mudutse pamwamba panga."

Anati akanena kwa a Shehe. Ndinawatsogolera ndine, n'kukafika iwo asanavale nsapato. A Shehe anamva zonse, anakanda ndevu, n'kunena kuti wamasiye akhale pakhomo, koma ntchito ya manja ake m'nyumba mwake sanaionepo poletsedwa. Alamu aja anabwerera akung'ung'udza kuti matipate awononga azimayi.

Mwana wanga anakonza, anayesa, chinakana, anakonzanso, mpaka chinamangika. Anandipatsa kadisiketi kaja kuti ndikapereke kwa mayi uja ku Dwangwa, ndikasamale ngati diso. Ine chinthu chofunika ndimamanga pa mfundo ya chitenje, ndiye ndinakakulunga pakona, n'kukoka mfundo mwamphamvu, n'kusomeka m'chiuno. M'minibasi anatipanikiza anayi pampando wa atatu, dengu la usipa la mayi wina lili pantchafu panga. Podutsa pa mlatho wa Bua galimoto inadumpha, ndinamva kanthu kakuti thyo m'chiunomu, koma ndinati ndi mafupa aukalamba.

Ku Dwangwa mayi uja anamasula mfundo, anakayang'ana, anandiyang'ana ine. "Mama, mwakhalira ntchito ya mwana winu." Kanali katapindika, kachitsulo kake katatuluka. Anayesa kukalowetsa m'makina, makina anakalavula.

Ndinakwera minibasi yobwerera. Mbiri inafika kwa alamu aja ine ndisanatsike. Anabwera dala kudzapereka moni, akumwetulira, amvekere zinthu za ophunzira zimafuna ophunzira. Ndinawayankha kuti ndathyola kapulasitiki, mwendo sindinathyole.

Mwana wanga sanakalipe. Anaseka mpaka kugwira khoma, kuseka koyamba chimwalirire mwamuna wake, n'kundiuza kuti ntchito yeniyeni ili m'kompyuta, kaja kanali kongotengera. Anakopera pa kena. Ulendo uno ndinakaika m'bakuli la chivindikiro, pakati pa nsalu, bakulilo pamutu. Kondakitala anafuna kuliponya kumbuyo ndi katundu, ndinamuuza kuti ayambe waponya amake.

Mayi uja analowetsa, makina analira ngati mphaka wopondedwa mchira, ndipo anati zapita. Ine ndinayesa kuti basi tamaliza. Sabata yotsatira ndinabwera ndi kalata ina: kwa munthu wina wa makina a mtundu wina phukusi likukanabe. Mwana wanga anakonza, ine ulendo. Kenako wina anapeza kena kolakwika, anatumiza chigamba chake, mwana wanga anachiyesa n'kuchisokerera, ine ulendo. Makondakitala anafika pondidziwa, ndikangotulukira pa siteji ankati agogo a bakuli afika.

Tsiku lina mayi uja anandipatsa pepala limodzi lokha, n'kuloza ndi chala mzere wina kuti ndikamuonetse mwini wake. Ine zilembo ndimaziona ngati nyerere, koma malo a chalacho ndinawasunga. Kunyumba mwana wanga anawerenga mokweza: phukusi latsopano lalowa, ntchito za anzake zayambanso kuyenda, ndipo pa mzere wa wosamalira pali dzina lake.

Alamu aja anali pakhonde, akuti abwera kudzationa. Anafunsa ngati tsopano maulendo opanda pakewa atha.

Ndinati, "Atha bwanji? Eni pulogalamu atulutsa kale ina. Lachinayi ndikupitanso."