Mapiritsi a M'thumba la Che Jaffalie

Zija mwamvazi, zoti Che Jaffalie a pa Lungwena amagulitsa magazi awo kuchipatala mwezi ndi mwezi, ndi bodza lamkunkhuniza. Angagule ndani magazi a munthu wopumira panjira katatu asanafike kumzikiti?

Bambowa kale anali msodzi, koma chimene anatchuka nacho ndi bawo. Zaka khumi ndi ziwiri pansi pa mtengo wamango wa pamsika, popanda wowagonjetsa. Kenaka mtima unayamba ulesi: miyendo kutupa ngati mitondo, kupuma kwa befu. Kuchipatala cha kutauni anawapatsa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, n'kuwauza kuti azibwera mwezi ndi mwezi kudzayezetsa magazi. Akuti mtima ukalemedwa umataya timadzi tinatake m'magazimo. Nambala ya timadzito ikakwera adokotala amawonjezera mankhwala, ikatsika ndiye kuti zikuyenda.

Tsoka lake, mapiritsiwo amathamangitsira munthu kuseri pafupipafupi. Ndiye Che Jaffalie akangoti nyamu, Shafi, mdani wawo wa pabawo, dzanja ili akukanda mphuno, linalo lasuntha kale mwakuba nkhomo ziwiri pabawopo. Atagonja kawiri pamaso pa anthu, mapiritsi anayamba kuswera m'thumba la mkanjo.

Tsiku loyezetsa anapita ndi akazi awo, a Shamima, chifukwa okha sakanatha kukwera minibasi.

"Mankhwala mukumwa, bambo?" anafunsa adokotala, maso ali papepala.

"Wallahi, tsiku ndi tsiku!"

"Nanga nambalayi yakwera chonchi bwanji? Mtimawu ukumira. Basi tiwonjezere mankhwala."

"Muwonjezere chiyani?" anatero a Shamima. "Tapisani m'thumba mwawomo. Muli famase yathunthu."

Mapiritsi makumi awiri ndi atatu anatuluka, ena atamatirana ndi chingamu. Che Jaffalie anayesa kunena kuti ndi a mnzawo, koma mpweya unawathera pakati pa bodzalo.

Adokotala sanawonjezere mankhwala. Anangoti amwe omwewo, apo ayi bawo lotsatira akasewera ali pabedi ndi paipi m'mphuno.

Masiku ano mukadutsa pamsika, muona a Shamima atakhala pambali pa bawo, nkhafi yakale ya amuna awo ili pamiyendo. Bambo akapita kuseri, Shafi manja onse amaika pamutu ngati wagwidwa ndi apolisi. Nambala ija inatsika, nsapato zikulowanso.

Choona chake n'chakuti Che Jaffalie ankaopa kugonja kwa Shafi kuposa kufa.